Zothira simenti m'fupa la msana: zimathandiza ndani, nanga ife kuno tiyambire pati?

Masiku ano banja lililonse limene lili ndi mwana ku Joni kapena m'bale amene anakagonako chipatala ku India lamvapo nkhani yoti kunjako msana akumauthira simenti, munthu amalowa mu thiyeta atamunyamula nkutuluka akuyenda yekha, osang'ambidwa, kabala kake kongomatapo pulasitala basi. Ena akamva amaseka kuti nzabodza, ena nde amayamba pompo kuwerengera zogulitsa puloti ku Lusangazi kuti amayi akathiridwe. Onsewa akuphonya. Chithandizochi, chimene madokotala amachitcha vertebroplasty, chilipo ndithu ndipo chakhalapo zaka pafupifupi 40, koma chimagwira pa mtundu umodzi wa kuthyoka kwa msana, pa nthawi yake yochepa kwambiri, ndipo madokotala okhaokha anakanganapo za icho mpaka lero sanamvane onse. Kwa ife kuno kumpoto funso loyamba sikuti simentiyo tikaipeza kuti, funso ndi loti fupalo laphwanyika chifukwa cha chiyani, poti yankho lake likhoza kupangitsa simenti yomweyo kukhala yoopsa.

Msana si fupa limodzi. Ndi timafupa tosanjikizana, 7 m'khosi, 12 kuseri kwa chifuwa pamene pamagwira nthiti, 5 m'chiuno, kenako tina togwirana kumunsi. Kafupa kalikonse kutsogolo kwake kuli chithupi chozungulira chimene chimasenza kulemera kwa munthu, kumbuyo kwake kuli bowo limene mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku bongo. Chithupi chimenechi kunja nkolimba koma mkati ndi timichirikizo ting'onoting'ono tolukana. Munthu akamakula, makamaka mayi akasiya kusamba, timichirikizoti timadyeka, timachepa, tina nkuduka, ndipo fupa limakhala ngati phaso lofumbwa limene kunja likuoneka bwinobwino mpaka tsiku limene muikepo katundu. Matendawa madokotala amawatchula kuti osteoporosis. Nde tsiku lina agogo aweramira ndowa ya madzi, kapena minibasi yadumpha hampu pa Katoto iwo ali pampando wakumbuyo, kapena angotsokomola mwamphamvu nthawi yozizira ija ya June, kafupa kamodzi nkutitimira. Sikaduka pakati ngati mmene umathyokera mwendo ayi, kamafinyika, kutsogolo nkufupika kumbuyo nkutsala chimodzimodzi. Malo amene zimakonda kuchitika ndi pamene pathera nthiti nkuyambira chiuno, pa T12 ndi L1 mukaona papepala la ekisire, komanso pakati pa msana.

Timafupa tingapo tikatitimira chonchi ndi pamene mumaona munthu wayamba linunda, wafupika, chitenje chayamba kukhwekhwereza pansi, mimba yatulukira kutsogolo chonsecho sananenepe, akudya pang'ono nkumati ndakhuta chifukwa nthiti zatsikira pamimba. Ife timangoti ndi ukalamba. Mbali ina ndi ukalamba inde, koma aliyense wa timafupa timeneto anathyoka tsiku lake, ndipo kafukufuku wa maiko ena amasonyeza kuti mwa kuthyoka kotere kutatu kulikonse, kumodzi kokha ndi kumene kumadziwika kuchipatala, kwinako munthu amangoti nyamakazi, athowa ndi madzi otentha, ena atemera mphini, zatha. Ngati mukufuna kuona nokha kunyumba, aimikeni amayi chagada kukhoma, zidendene ndi matako zitagunda khoma: ngati nkhongo ikulephera kugunda khomalo, kapena ngati afupika ndi masentimita 4 poyerekeza ndi msinkhu wa pa utsikana wawo, mpofunika ekisire ya msana olo asakudandaula kwenikweni.

Ululu wake ukakhala watsopano sumasowa. Umayamba mwadzidzidzi, munthu amatha kuloza ndi chala pamene pakupweteka, mukagogoda pamzere wa msana pamalopo amalumpha. Akagona chagada osasuntha amapezako bwino, koma kutembenuka pabedi, kudzuka, kukhala pampando, kupita kuchimbudzi, ndi pamene amalira. Ndinaonapo mayi wina wachikulire m'dera lathu, munthu woti amalima yekha dimba lake, atafika poti kudzuka m'mawa kumafuna anthu awiri, wina agwire mapewa wina chiuno nkumutembenuza thupi lonse pamodzi, iye ataluma nsonga ya bulangete kuti adzukulu asamve. Ululu umenewu kwa anthu ambiri umachepa wokha pakadutsa masabata 6 mpaka 12 fupa likamagwirana, ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa mkangano wonse wa simenti wagona pamenepa.

Koma tisanafike kumeneko, nkhani imene mavidiyo a pa WhatsApp sanena. Ku Ulaya agogo a zaka 75 akatitimira fupa la msana, kawirikawiri amakhala osteoporosis basi. Kuno sitingangoganiza choncho. TB ya msana tili nayo, ndipo imagwira ngakhale mnyamata wa zaka 25, makamaka ngati chitetezo cha m'thupi chatsika. Inadziwika kalekale, dokotala wa ku London Percivall Pott anailemba mu 1779 ndipo mpaka pano ena amaitchula ndi dzina lake. Iyoyo imadya timafupa tiwiri toyandikana pamodzi ndi kachofewa kapakati pake, imapanga mafinya, msana nkupindika pamalo amodzi mosongoka, munthu akuonda, akutuluka thukuta usiku, ululu wakenso sumamusiya olo atagona phee. Sikuti nthawi zonse amatsokomola ayi, ndichifukwa chake anthu samaiganizira. Fupa limene muli TB kapena mafinya a mtundu uliwonse silithiridwa simenti, nkutsekera tizilombo m'nyumba mmene mankhwala savuta kufikamo kale. Chake ndi mankhwala a TB, miyezi yambiri kuposa ya m'mapapo nthawi zambiri, aulere ku chipatala cha boma, ndipo anthu amachira.

Chachiwiri ndi khansa. Ya prostate kwa abambo ndi ya bere kwa amayi zimakonda kuthawira ku msana, ndiye palinso ina ya m'mafuta a m'mafupa yotchedwa myeloma imene imaonekera ndi msana kuwawa, magazi kuchepa, impso kufooka. Bambo wa zaka 60 amene msana watitimira popanda kugwa, si woti mungomugulira lamba wa msana ku Zigwagwa nkumuuza kuti apume. Apimidwe magazi, aone PSA imene ndi muyeso wa m'magazi wounikira matenda a prostate, aone impso, ayezetse HIV ngati sakudziwa mmene alili, ajambulidwe chifuwa. Zimenezi nzotheka popanda kukwera ndege.

Palinso mankhwala amene amadya mafupa mwakachetechete. Prednisolone, amene anthu a mphumu ndi a nyamakazi amamwa miyezi ndi miyezi, ena mongodzigulira, ali pamwamba pamndandanda, ndipo achibale ake ndi omwe ena amamwa kuti anenepe kapena ali m'mafuta oyeretsa khungu. Tenofovir amene ali m'ma ARV ambiri amene anthu akumwa muno amachepetsako mphamvu ya mafupa pang'ono makamaka zaka zoyambirira, koma apa ndisamveke molakwika, palibe amene asiye ma ARV chifukwa cha msana, HIV yosamwera mankhwala imaononga mafupa ndi thupi lonse kuposa pamenepo, chofunika nkuwauza a ku kiliniki ngati fupa lathyoka mosadziwika bwino kuti aone ngati pangafunike kusintha. Fodya, kachasu ndi kuonda kwambiri nazo zimathandizira.

Tsopano simentiyo. Dzina lake ndi vertebroplasty. Anayamba ndi madokotala awiri a ku Amiens ku France, Pierre Galibert ndi Hervé Deramond, mu 1984, ndipo wodwala wawo woyamba sanali wa osteoporosis nkomwe, anali mayi wokhala ndi chotupa cha mitsempha ya magazi m'fupa la m'khosi. Simenti yake si ya Dangote kapena Akshar, ndi pulasitiki wotchedwa PMMA, amabwera ufa pawokha madzi ake pawokha, yemweyo amene John Charnley ku England anayamba kumangira ziuno zachitsulo cha m'ma 1960, ndipo a mano amagwiritsanso ntchito m'bale wake popanga mano oikirira. Mu ufamo amasakanizamo barium kuti simenti izioneka pa ekisire.

Wodwala amagona chafufumimba. Nthawi zambiri samugoneka tulo tofa nato, amangomupatsa mankhwala ofooketsa nkubaya dzanzi pakhungu mpaka pafupa, zimene zili zabwino kwa okalamba a mtima wofooka. Pamwamba pake pamakhala makina a ekisire ozungulira otchedwa C-arm amene amaonetsa fupa pa sikirini nthawi yomweyo. Dokotala amacheka kabala ka mamilimita ochepa, nkulowetsa singano yonenepa, pafupifupi mamilimita 3, nkuidutsitsa m'kamlatho kopapatiza ka fupa kamene kamalumikiza kumbuyo ndi kutsogolo, akumenya pang'onopang'ono ndi kahamala, kujambula, kumenyanso, kujambulanso, chifukwa akapatuka pang'ono kulowera mkati ndekuti wafika pa mtsempha waukulu uja. Nsonga ikafika m'chithupi cha fupa, madokotala ambiri amayamba atengako kachidutswa kukapimitsa ku labu, kuopa khansa kapena TB yobisala. Kenako amasakaniza simenti, chipinda chonse nkununkha fungo lake lamphamvu, amadikira kuti ilimbeko ikhale phala logwirana, ndiye nkumaikankhira mkati pang'onopang'ono maso ali pa sikirini, akangoona kuti yayamba kuyenderera kumene sikufunika amaima pompo. Yonse imene imalowa m'fupa limodzi ndi mamililita ochepa, nthawi zambiri safika 10. Imauma pa mphindi 10 mpaka 20 ikutentha, munthu amagona ola limodzi kapena awiri nkumudzutsa, ambiri amabwerera kunyumba tsiku lomwelo kapena mawa lake. Maganizo ake ndi oti ululu umachokera m'ming'alu ya fupa imene imakhulana munthu akasuntha, ndiye simenti ikadzaza ming'aluyo kukhulanako kumatha.

Mng'ono wake ndi kyphoplasty, imene dokotala wa mafupa wa ku California, Mark Reiley, anabwera nayo, nkuvomerezedwa ku America mu 1998. Kusiyana kwake nkoti asanathire simenti amalowetsa kabaluni m'fupamo nkukapopa, kuti katsegule mphako komanso kayese kukweza denga la fupa limene latitimira, akachotsa baluni nkudzaza mphakoyo ndi simenti yolimbirapo. Pali zinanso zatsopano zoti amasiya kachitsulo kotambasuka mkati. Otsatsa amakonda kunena kuti baluni amaongola linunda, zoona zake fupa limakwera ndi mamilimita ochepa chabe ndipo agogo opindika zaka 10 sangaongoke nazo. Ubwino wake weniweni ndi woti simenti simatayikira kunja kawirikawiri. Pa nkhani ya ululu njira ziwirizi zimangofanana, koma ya baluni ndi yodula kwambiri chifukwa zipangizo zake nzogwiritsa ntchito kamodzi nkutaya.

Kutayikira kwa simentiku ndiye ngozi yake yaikulu. Kudontha pang'ono kumachitika kwa anthu ambiri ndipo sazindikira nkomwe, kumangooneka pa sikani. Koma ikalowera kumbuyo imatha kufinya mtsempha munthu nkufa miyendo, ikalowa m'mitsempha ya magazi imatha kukafika m'mapapo. Zimenezi sizichitikachitika, koma zikachitika pamafunika opaleshoni yeniyeni mwachangu, ndichifukwa chake ntchitoyi siyoti ichitikire pamalo pamene palibe dokotala wotha kutsegula msana. Amene magazi awo sagwirana msanga, amene ali ndi matenda a mafinya penapake m'thupi, amene khoma lakumbuyo la fupa laphwasukira ku mtsempha, onsewa si ake. Kuthyoka kwa ngozi ya njinga yamoto ya kabaza kwa mnyamata wa mafupa olimba nakonso ndi nkhani ina, kumeneko nthawi zambiri amakamba za zitsulo ndi masikulu kapena kugona ndi lamba.

Zaka za m'ma 2000 njirayi inafala kwambiri ku America ndi ku Ulaya chifukwa odwala amadzuka akuyamika, ndipo aliyense amaona ngati palibe chofunsa. Mu 2009 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inatulutsa akafukufuku awiri tsiku limodzi, wina wotsogoleredwa ndi Rachelle Buchbinder ku Australia wa anthu 78, wina wa David Kallmes wa ku chipatala cha Mayo Clinic ku America wa anthu 131. Zimene anachita nzochititsa chidwi. Odwala, atavomera okha kulowa m'kafukufuku, anawagawa pawiri mwa maere. Gulu lina linathiridwa simenti yeniyeni. Gulu linalo analilowetsa m'chipinda chomwecho, kuligoneka chafufumimba chimodzimodzi, kubaya dzanzi, kudina kapena kugogoda pamsana, mpaka kutsegula simenti kuti fungo lija limveke m'chipindamo, koma osathira kanthu m'fupa. Wodwala samadziwa kuti ali mbali iti. Atawafunsa pambuyo pake, magulu onse awiri anati ululu wachepa, ndipo unachepa mofanana.

Kunali phokoso. Bungwe la madokotala a mafupa a ku America mu 2010 linalangiza kuti vertebroplasty asamaichite. Amene amaichita tsiku ndi tsiku anayankha kuti akafukufukuwo anatenga anthu olakwika, poti analola ngakhale amene msana unayamba kuwawa pafupifupi chaka chapitacho, fupa loti linagwirana kale, nanga simenti ikamate chiyani pamenepo? Ananenanso kuti dzanzi lobayidwa pafupa lija palokha ndi mankhwala, si madzi. Mu 2016 kunatuluka kafukufuku wina mu The Lancet wotchedwa VAPOUR, wa ku Sydney, wa anthu 120, amene anatenga okhawo amene fupa linathyoka masabata osakwana 6 apitawo ndipo ululu wawo unali 7 kapena kuposa pa sikelo ya 10, ambiri mwa iwo ogonekedwa m'chipatala. Patatha masiku 14, anthu 44 pa 100 alionse othiridwa simenti ululu unali utatsika pansi pa 4, pamene kwa onamiziridwa aja anali 21 pa 100. Okonda simenti anaombera m'manja, koma mu 2018 a ku Netherlands anabwera ndi VERTOS IV, anthu 180, kuthyoka kwatsopanonso, ndipo kusiyana kwenikweni sanakupeze. Chaka chomwecho gulu la Cochrane litasonkhanitsa akafukufuku onse linati phindu lake ndi losaoneka. Ku England bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a chithandizo m'zipatala za boma, kuyambira 2013 limaloleza njira ziwiri zonsezi, koma kwa munthu amene fupa lathyoka posachedwa, silinapole, ululu ukadali waukulu ngakhale wapatsidwa mankhwala oyenera, ndipo zatsimikizika kuti ululuwo ukuchokera pa fupa lomwelo.

Ine mmene ndimaonera, mbali zonse zili ndi mfundo koma otsatsa ndi amene amakokomeza. Munthu akakuuzani kuti amayi ake anathiridwa simenti nkuchira sakunama, kungoti sangadziwe ngati akanachira popanda simentiyo, poti fupali limapola lokha ndipo kulowa mu thiyeta pakokha kumachepetsa ululu m'mutu mwa munthu, akafukufuku a 2009 aja anaonetsa zimenezo poyera. Komanso manambala a VAPOUR muwaonetsetse, ngakhale pa odwala osankhidwa bwino kwambiri, oposa theka sanafike pamene amafuna pa masiku 14. Ndiye si chozizwitsa. Pamene ndikuona kuti nzomveka ndi pa agogo amene angothyoka kumene, morphine sakuwagwira kapena akuwasokoneza mutu, akulephera ngakhale kukhala tsonga, chifukwa kwa wokalamba kugona masabata ambiri nkoopsa kuposa singanoyo: chibayo, zilonda zapamatako, magazi kuundana m'miyendo, minofu kutha moti olo fupa lipole sadzayendanso. Enanso ndi a myeloma kapena khansa yofalikira ku msana, kumene simenti imathandiza ululu ndi kuchirikiza fupa pamene mankhwala a khansa akupitirira, osati kuti imachiza khansayo.

Nde taganizani za Mzuzu. Kuti adziwe kuti fupa lathyoka posachedwa kapena ndi lakale, ekisire wamba sathandiza kwenikweni chifukwa fupa lotitimira chaka chatha ndi la sabata yatha amaoneka pafupifupi chimodzimodzi, chimene chimasiyanitsa ndi sikani ya MRI imene imaonetsa kutupa mkati mwa fupa latsopanolo, ndipo ndi MRI yomweyo imene imagwira TB ndi khansa msanga. Pamafunika C-arm yabwino, simenti ndi masingano ake zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndi dokotala wozolowera ntchitoyi. M'dziko muno ntchito yambiri ya mafupa m'zipatala za maboma imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, achipatala ophunzitsidwa za mafupa, maphunziro amene anayambitsa dokotala wa ku Canada Ed Blair mu 1985, ndipo ndi anthu amenewa amene mudzayambe kukumana nawo, kenako nkutumizidwa ku Mzuzu Central, zikakula nkupita ku Lilongwe kumene kuli LION, chipatala cha mafupa ndi mitsempha pa Kamuzu Central, kapena ku Queens ku Blantyre. Kuchoka kuno kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 300 kudutsa Chikangawa, pa munthu woti hampu imodzi ikumuliza.

Ndiye za kunja zija, werengerani nthawi. Sabata yoyamba mukuthowa. Yachiwiri mwapita ku chipatala cha Mapale kukatenga panado. Ekisire yachitika mwina sabata yachitatu kapena yachinayi, kenako misonkhano ya banja, pasipoti, kusaka madola, kudikira yankho la chipatala cha kunjako. Pofika tsiku lokwera ndege padutsa miyezi itatu, fupa lagwirana kale, ndipo mwalowa ndendende m'gulu la anthu amene akafukufuku anapeza kuti simenti ndi dzanzi chabe nzofanana. Ngati ana a ku Joni alimbikira ndithu, afunseni adokotala a kumeneko zinthu izi musanalipire: MRI yaonetsa kuti fupali likadali laliwisi? Mwatsimikiza kuti si TB, ndipo mutengako kachidutswa kukapima? Pamene amayi akuloza ndi pomwe pali fupa lothyokalo? Nanga baluni mukumufuniranji pa ameneyu? Amene akufuna kuthira timafupa tinayi kapena tisanu kamodzi chifukwa choti tonse tikuoneka totitimira pa ekisire, ameneyo mumukayikire.

Kwa ambiri aife chithandizo chenicheni chikhala cha pompano, ndipo sichochepa ngati chachitika bwino. Ululu uthetsedwe mokwanira kuti munthu adzuke, sikuti apilire ayi. Panado amwedwe pa nthawi yake osati podikira kuti pawawe, akakanika adokotala amaonjezera tramadol kapena morphine wamadzi uja amene amapezeka m'zipatala zathu, ndipo asaope kuti morphine ndi wa anthu oti akufa, kwa masabata ochepa ndi wothandiza, bola apatsidwenso chofewetsa m'mimba poti amamanga chimbudzi ndipo kudzikakamiza kuchimbudzi ndi msana wothyoka ndi chilango. Brufen, diclofenac ndi indocid amene timangogula pagolosale, kwa okalamba nzoopsa ku impso ndi zilonda zam'mimba, makamaka ngati ali ndi BP kapena shuga kapena akumwa tenofovir uja. Kugona kukhale kwa masiku ochepa oyambirira okha. Podzuka atembenukire chammbali thupi lonse pamodzi, atsitse miyendo, akankhe ndi mkono, osati kudzuka chagada. Ngati amagona pamphasa pansi apezereni bedi kapena mukweze matilesi, chimbudzi chonjuta muikepo mpando wobowola, tsache lalifupi ndi ndowa yapamutu zisiyidwe kaye, mtondo nawonso. Lamba wa msana amathandiza ena kwa masabata ochepa koma wovala chaka chonse minofu imafooka. A physio ali ndi masewera olimbitsa minofu yoongola msana, ndipo zoweramira kutsogolo kukagwira zala zakuphazi ndi zoletsedwa. Osalola munthu aliyense kuwaponda kapena kuwathyola msana ati akuuongola.

Koma miyendo ikayamba dzanzi kapena kufooka, mkodzo kapena chimbudzi zikayamba kutuluka zokha kapena mkodzo kukanika kutuluka, pakati pa miyendo pakachita dzanzi, musadikire kuti kuche. Pamenepo mtsempha waukulu ukufinyidwa ndipo maola amawerengedwa, munthu anyamulidwe atagona pa chinthu cholimba osati atakhala pa kabaza.

Chimene chimaiwalika kwambiri, kunja ndi kuno komwe, nchoti simenti imakonza kafupa kamodzi pamene ofumbwa ndi mafupa onse. Mayi amene wathyoka kafupa kamodzi ka msana, mmodzi mwa asanu alionse amathyoka kena chaka chisanathe, ndipo chiuno nacho chimakhala pamzere. Makina oyezera kulimba kwa mafupa otchedwa DXA ndi osowa, koma kwa wachikulire amene msana watitimira popanda ngozi yeniyeni, TB ndi khansa atazichotsapo, kuthyokako pakokha nkokwanira kuti ayambe mankhwala. Odziwika ndi alendronate, piritsi limodzi pa sabata, amene amachepetsa kuthyoka kwa msana ndi pafupifupi theka, kapena zoledronic acid wa mu dripi kamodzi pachaka amene amachepetsa kuposa pamenepo, onsewa atayamba aona impso ndi mano. Pambali pake calcium ndi vitamin D. Apa mwayi tili nawo, usipa wa ku Nkhata Bay ndi bonya timadya ndi minga yomwe ndipo calcium ali m'mingamo, kuonjezera mkaka, chambiko ndi masamba ngati bonongwe, ndiye agogo amene amangokhala m'nyumba atafunda chifukwa cha kuzizira kwa Mzuzu azitulutsidwa kukaothera dzuwa kuti thupi lipange vitamin D uja. Alendronate ali ndi kamwedwe kake ndipo ambiri amalakwitsa: m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi kapu yodzadza ya madzi wamba osati tiyi kapena phala, kenako akhale tsonga kapena aimirire mphindi 30 asanadye kalikonse ndipo asabwererenso kukagona, apo ayi piritsilo limapsereza kummero komanso silimalowa m'thupi. Piritsi la calcium alimwe nthawi ina, masana kapena madzulo, chifukwa akaphatikiza ndi alendronate nthawi imodzi limamutsekereza.